Kugula Nyumba ku England ndi Wales: Ntchito ya Loya ndi Udindo wa Wogula

Akhristu ambiri a m'dayosizi yathu ali ndi ana kapena abale amene anakhazikika ku Britain, ena pa ntchito ya unamwino, ena yosamalira okalamba. Ikakwana nthawi yoti agule nyumba, makolo kuno kumudzi amapemphedwa malangizo, mwinanso thandizo la ndalama, ndipo mafunso ena amafika kwa akatekisiti m'miphakati. N'chifukwa chake tafotokoza pano mmene ntchitoyi imayendera ku England ndi Wales. Ku Scotland malamulo ake ndi ena.

Loya ameneyu ndani?

Ntchito yosamutsa umwini wa nyumba kuchoka kwa wogulitsa kupita kwa wogula imatchedwa conveyancing. Amaigwira ndi loya wotchedwa solicitor, amene amayang'aniridwa ndi bungwe la Solicitors Regulation Authority, kapena katswiri wotchedwa licensed conveyancer, amene ali pansi pa Council for Licensed Conveyancers. Mabungwe onse awiri ali ndi kaundula pa intaneti, ndipo ndi bwino kuona ngati dzina la loyayo lilimo tisanamupatse ndalama iliyonse.

Tikumbukire kuti ejenti wa nyumba amalipidwa ndi wogulitsa, choncho wogula sakakamizika kutenga loya amene ejentiyo wamulozera. Ngati tikugula ndi ngongole ya ku banki, tifunse ngati bankiyo imavomereza loya amene tasankhayo, popeza kawirikawiri loya yemweyo amaimiriranso banki. Tipemphenso kuti atilembere mtengo wonse, wosiyanitsa malipiro ake ndi ndalama zimene adzapereke kwa ena m'malo mwathu.

Kudziwika kwa wogula ndi gwero la ndalama

Malamulo a m'chaka cha 2017 oletsa kuzembetsa ndalama zopezeka mwachinyengo amalamula loya kuona pasipoti, umboni wa kumene wogula akukhala, ndi gwero la ndalama zake. Izi zimakhudza makolo mwachindunji. Bambo kapena mayi amene wagulitsa munda, ng'ombe kapena poloti kuti athandize mwana wake, asunge kalata ya mgwirizano wa malondawo ndi mapepala a ku banki. Adzapemphedwanso kusaina kalata yonena kuti ndalamazo ndi mphatso, si ngongole, ndiponso kuti sadzafuna gawo pa nyumbayo. Ngati zoona zake n'zakuti ndalamazo zidzabwezedwa, tinene choncho poyera. Kusaina bodza ndi mlandu pamaso pa boma, komanso ndi kuswa lamulo lachisanu ndi chitatu la Mulungu.

Zimene loya amafufuza

Choyamba amaona kaundula wa HM Land Registry, ofesi imene inakhazikitsidwa mu 1862, kuti atsimikize kuti wogulitsayo ndi mwini wakedi, malire ali pati, ndiponso ngati pali ngongole kapena ziletso pa malowo. Amaonanso mtundu wa umwini. Pa freehold, nyumba ndi malo ake ndi zathu mpaka kalekale. Pa leasehold, monga zilili ndi mafulati ambiri, timakhala ndi ufulu wa zaka zowerengeka, monga 99 kapena 125, ndipo pamakhala ndalama zolipira chaka ndi chaka zosamalira nyumba yonse. Zaka zotsala zikachepa kwambiri, mabanki amakayika kubwereketsa ndalama.

Kenaka amafunsa ku khonsolo za mapulani a misewu ndi zilolezo zomangira, ku kampani ya madzi za mapaipi, komanso amafufuza ngati malowo amasefukira madzi kapena anali ndi migodi ya malasha. Palinso kafukufuku wokhudza tchalitchi. Malo ena amene kalekale anali a mpingo ali ndi udindo wokonza mbali ya tchalitchi cha Anglican kumene kuli guwa. Mu 2003 bwalo la House of Lords linagamula kuti eni ake a famu ina ku Aston Cantlow, m'dera la Warwickshire, ayenera kulipira zokonzera tchalitchi cha parishi yawo.

Loya sapita kukaona ngati denga likudontha kapena khoma lang'aluka. Imeneyo ndi ntchito ya surveyor, amene wogula amamulemba yekha. Kuyeza kumene banki imachita cholinga chake n'kuteteza ngongole yake basi.

Masiku awiri ofunika

Wogulitsa akavomera mtengo pakamwa, palibe amene wamangika. Lamulo la mu 1989 limafuna kuti mgwirizano wogulitsa malo ukhale wolembedwa ndi wosainidwa. Mpaka tsiku limene maloya a mbali ziwiri asinthana mapangano, wogulitsa angathe kulandira mtengo wa munthu wina, ndipo wogula amataya zimene walipira kale pa kafukufuku. Choncho tisafulumire kutsanzika kwa mwini nyumba imene tikuchita lendi.

Pa tsiku losinthana mapangano wogula amapereka chikole, kawirikawiri 10 peresenti ya mtengo, ndipo akabwerera m'mbuyo chikolecho chimapita. Kuyambira tsikuli nyumbayo iyenera kukhala pa inshuwalansi. Tsiku lachiwiri ndi lomalizitsa malonda, pamene loya amatumiza ndalama zotsala ndipo wogula amalandira makiyi. Pambuyo pake loya amalembetsa dzina la mwini watsopano ku Land Registry. Ntchito yonse imatenga miyezi ingapo, makamaka pamene wogulitsa nayenso akudikira kugula nyumba ina.

Msonkho

Ku England pali msonkho wa Stamp Duty Land Tax, umene uyenera kuperekedwa pasanathe masiku 14 malonda atamalizidwa. Ku Wales, kuyambira 2018, msonkho wake ndi Land Transaction Tax. Kuyambira Epulo 2025, wogula nyumba koyamba ku England salipira msonkho pa mapaundi 300,000 oyambirira ngati mtengo sukuposa 500,000. Koma wogula koyamba ndi amene sanakhalepo ndi nyumba kwina kulikonse pa dziko lapansi, ngakhale yosiyiridwa ndi makolo. Amene ali ndi nyumba ku Chilomoni kapena ku Area 25 amuuze loya. Ngati nyumbayo ndi ya mtengo wofika mapaundi 40,000, angathe kulipira msonkho wowonjezera, umene unakwera kufika 5 peresenti mu Okutobala 2024.

Mwamuna ndi mkazi pogula limodzi

Loya adzafunsa mmene banja likufunira kulembetsa nyumba. Pa joint tenants, mmodzi akamwalira nyumba yonse imakhala ya wotsalayo. Pa tenants in common, aliyense ali ndi gawo lake limene limatsata wilo yake. Ife amene tinaonapo amayi amasiye akulandidwa katundu tikudziwa kulemera kwa funsoli. Banja likambirane modekha ndi kulemba wilo nthawi yomweyo.

Chenjezo ndi madandaulo

Akuba amatumiza imelo yooneka ngati ya loya, yonena kuti akaunti ya ku banki yasintha. Tisatumize ndalama tisanaimbe foni pa nambala imene tinapatsidwa poyamba. Ngati ntchito siikuyenda bwino, tiyambe tadandaula mwa kalata ku ofesi ya loyayo. Pakapita masabata 8 popanda yankho logwira mtima, nkhaniyo ipite kwa Legal Ombudsman.

Tikupempha akatekisiti kuti afotokozere mabanja mfundozi pa misonkhano ya miphakati. Ndipo abale athu akalandira makiyi, asaiwale kukadziwonetsa ku parishi yawo yatsopano ndi kupempha wansembe kuti adzadalitse nyumbayo.