Kangolo ka alendo kamene tinapanga ndi waya ku Rufunsa

Ife amene tinakulila m'mbali mwa Great East Road, pakati pa Chinyunyu ndi mlatho wa Luangwa, palibe anatigulilako motoka yoseweletsa. Tinali kupanga tekha ndi waya. Munthu atasonkhanitsa mamotoka onse a mawaya amene ana a Rufunsa apanga kuyambila kale n'kuwandandalika, angawelenge mbili ya msewu uno popanda buku, cifukwa mwana amapanga cimene waona cikudutsa.

Mlatho woyamba pa Luangwa unamangidwa mu 1932 ndi ndalama za Beit Trust, ndipo wa zingwe umene tiwolokapo lelo unatsegulidwa mu 1968. Ian Smith atatseka malile a Rhodesia mu Januwale 1973, katundu wina wa Zambia anayamba kudzela ku Malawi. Malole anali kukwela mapili a Manenekela pang'onopang'ono, cakuti mwana anali ndi nthawi yowelenga mateyala onse. Amalume athu a nthawi imeneyo amati luso lao linali malole ndi mabasi a UBZ. Ife tinayamba kugwila waya UBZ itatha kale, kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Tinapeza maminibasi, mabasi aakulu a ku Chipata, ndi cinthu cimodzi cimene cinatizunguza mutu: ma Land Cruiser a alendo opita ku South Luangwa, paki imene inakhazikitsidwa mu 1972. Ena anali kukoka kangolo kumbuyo, kokhala ndi tenti yopinda pamwamba, zigubu za mafuta m'mbali ndi teyala la sipeya.

Motoka yokha aliyense anali kuikwanitsa. Kangolo ndiko kanali kusiyanitsa akatswili ndi ongoyesa.

Rula tinalibe. Amene amapanga tumamotoka m'mafakitale, monga twa Matchbox tumene tunayamba ku England mu 1953, amacepetsa ciwalo ciliconse ndi nambala imodzi. Ife muyeso wathu unali teyala. Ukapeza tuzitini tuwili twa polishi ya nsapato, kapena kudula mapatapata akutha kuti akhale ozungulila, zina zonse zinali kutsatila: utali wa kangolo mateyala atatu ndi theka kapena anayi, msinkhu awili. Mafupa ake anali waya wokhuthala wa mpanda, ekiselo inali sipoko ya njinga. Pomanga mfundo tinali kufuna waya woonda wa kopa wa m'mawailesi akufa, ndipo ukasowa, malegeni a chubu anali kugwila nchito. Makoma tinali kudula ku katoni ya Shake Shake, tenti n'kukhala kacidutswa ka thumba la fetelaiza. Za waya wa mpanda uja tisanene zambili. Ena a ife tinalawa mkwapulo cifukwa ca iwo.

Povuta kwenikweni panali pawili. Coyamba, malo a ekiselo. Ukaiika patsogolo kwambili, kangolo kamalemela kumbuyo, kamanyamula mphuno n'kumavina uku ndi uku ukathamanga. Ukaibweza pang'ono kumbuyo kwa pakati, kulemela kumatsamila pa cokolowekela ndipo kamatsatila bwinobwino. Madalaivala a malole amadziwa lamulo lomweli poika katundu, ife tinalidziwa cifukwa ca kugubuduzika m'fumbi. Caciwili cinali cokolowekela ceniceni. Mbedza ndi kalupu ziyenela kukhala zomasuka kuti kangolo kakhote, koma osati zolekela mpaka kumasuka pa bampu. Ndiye panali mayeso omaliza, obwelela kumbuyo. Utagwila ciwongolelo cacitali cofika m'ciuno, unali kukhotetsa mateyala mbali ina kuti kangolo kapite mbali inayo. Ukalakwitsa, kanali kupindika ngati mpeni wa m'thumba, anzako n'kufa ndi kuseka.

Luso limeneli si la Rufunsa yokha. Mu 1990 Karen Lynn Williams anatulutsa ku America buku la ana lochedwa Galimoto, lonena za mnyamata wa ku Malawi, Kondi, amene afunafuna mawaya m'mudzi mwao kuti apange motoka yake. Ana a kunja anawelenga za maseŵela athu m'masukulu ao pamene ife tinali kuona ngati n'zocititsa manyazi, za anthu osauka. Boma la Frederick Chiluba litatsegula malonda pambuyo pa 1991, zoseweletsa za pulasitiki zinayamba kudzaza misika ya mu Lusaka, kenako zinafika kuno. Pamene a Michael Sata anapatula Rufunsa ku Chongwe kuti ikhale boma payokha, foni inali itayamba kale kulanda manja a ana. Sitikuti foni ndi yoipa. Koma motoka ya pulasitiki siikuuza cimene cinadutsa pa msewu wanu caka cimeneco, ndipo ya waya palibe amaisunga: ikatha nchito, mng'ono wako amaimasula kuti apange ina. Ndiye cifukwa cake mabasi a UBZ a amalume athu tinangowamva m'kamwa.

Cimene timakumbukila kwambili ndi mkati mwa kangolo. Alendo aja sanali kuima kwathu, mwina pa mlatho pomwe pagulitsidwa nsomba zouma ndi madengu, ndipo zitseko zinali zotseka. Conco aliyense anali kuikamo zimene anaganiza kuti munthu wa paulendo angafune. Wina anaikamo kambaula ka kacitini, wina kamphasa koluka ndi udzu, wina kathumba ka ufa. Mnzathu wina analimbikila kuti mukhale khola la nkhuku, akuti palibe munthu wanzelu angapite kutali conco popanda ndiwo.

Tinadzaona kangolo kotsegula tili akuluakulu, pamene motoka ina inaphulika teyala pafupi ndi Mpanshya. Munali filiji, citofu ca gasi, mpopi wa madzi ndi madilowa a mbale. Mnzathu wa nkhuku uja anasuzumila mufiliji, anaona nkhuku yosadzula kale, n'kutiyang'ana tonse mmodzimmodzi.