Mbuzi za ku Tete ndi Manda a ku Kapichira

Pafupi ndi mathithi a Kapichira, m'boma la Chikwawa, pali manda a Richard Thornton, Mngelezi wodziŵa za miyala. M'chaka cha 1861 mnyamatayu anatsagana ndi Baron von der Decken pa ulendo wokwera phiri la Kilimanjaro. Ananyamuka ku Mombasa ndi amtengatenga oposa 50, ndipo kamba akachepa ankasinthanitsa nsalu ndi mikanda ndi chakudya m'midzi. Anakwera mpaka mafiti ngati 8,000, koma mvula inawabweza. Thornton anatsika thupi lake lili gwa.

Chimene phiri linalephera chinadzachitika kuchigwa. Pamene iye anabwerera ku gulu la Dr. Livingstone pa mtsinje wa Shire, chilala cha 1862 chinali chitapsereza minda. Anthu ankafa ndi njala, ndipo amishoni a UMCA okhala kwa Chibisa anafooka ndi malungo ndi kamwazi posoŵa chakudya cholimbitsa thupi.

Kuchiyambi kwa 1863 Thornton ndi mbusa Henry Rowley anayenda pansi mpaka ku Tete kukagula mbuzi ndi nkhosa. Dzuŵa linaŵaŵa, madzi anasoŵa m'njira, ndipo Thornton anabwerako atatheratu. Kamwazi ndi malungo zitamgwira, thupi linalibenso chodzitetezera. Anamwalira pa 21 April 1863, ali ndi zaka 25.

Mbuzi zija zinafika, odwala anadya nyama. Koma amene anakazitenga anagona pansi pa mlambe.