Kuchokera pa Sitolo ya Mmwenye Kufika ku Gateway

Mbiri ya masitolo m'dera la Nsaru siilekana ndi mbiri ya fodya. M'zaka za m'ma 1920 azungu awiri, A. F. Barron ndi R. W. Wallace, adakhazikika ku Mbabzi, kumadzulo kwa Lilongwe, nayamba kulimbikitsa anthu a m'midzi kuti azilima fodya wa chikopa. Mu 1926 boma la atsamunda lidakhazikitsa bungwe la Native Tobacco Board kuti liziyang'anira ulimiwo. Ndalama zitayamba kulowa m'midzi, amalonda adazilondola monga momwe njuchi zilondolera maluwa.

Ambiri mwa amalondawo adali amwenye. Iwo adamanga masitolo a malata m'malo ochitira malonda, ndipo m'menemo munkapezeka nsalu, mchere, sopo, makasu, palafini ndi mabulangete. Pakhonde pamakhala telala ndi makina ake, kotero kuti munthu amagula nsalu m'mawa nabwerera kwawo madzulo atavala malaya. Mtengo umanenereredwa, basera amaperekedwa, ndipo mlimi wodziwika amatha kukongola mpaka nyengo yogulitsa mbewu. Sikuti zonse zidali zokoma, pakuti madandaulo a kuberedwa pamuyeso ndi kunyozedwa adalipo. Komabe sitolo idali pamtunda woyenda wapansi.

Zinthu zidasintha mu 1970 pamene boma la Dr. H. Kamuzu Banda lidalamula kuti amwenye achoke kumidzi, ndipo pofika 1978 amaloledwa kuchita malonda ku Blantyre, Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu basi. Cholinga chidali chakuti malonda a kumudzi akhale m'manja mwa Amalawi. Chipiku idapatsidwa ntchito yopikulitsa katundu kwa eni magolosale, pomwe kampani ya Press idafalitsa masitolo a PTC. Koma ambiri mwa amene adalowa m'masitolo osiyidwawo adalibe mpamba wokwanira kapena galimoto yotutira katundu, choncho nyumba zina zidangotsala mabwinja. Nthawi yomweyo, mu 1975, likulu la dziko lidasamukira ku Lilongwe. Kuyambira pamenepo katundu wapamwamba adayamba kuunjikana mumzinda, ndipo mlimi wa kwa Kabudula wofuna njinga kapena wailesi adayenera kukwera basi.

Ulamuliro wa zipani zambiri utabwera mu 1994, zipata za malonda zidatseguka. Kampani ya Shoprite ya ku South Africa idatsegula sitolo ku Lilongwe mu 2000, ndipo ku Blantyre kudamangidwa malo aakulu a masitolo ku Chichiri. Mu 2014 kampani ya MPICO idatsegula Gateway Mall m'mbali mwa msewu wa ku Mchinji, msewu womwewo umene anthu a ku Namitete, Mpingu ndi midzi ina ya kumadzulo amalowera mumzinda. Pansi pa denga limodzi padasonkhana masitolo, mabanki ndi malo odyera, ndipo mabanja adayamba kupitako Loweruka osati kukagula kokha ayi, komanso kukapitidwa mphepo.

Ubwino wa malo otere suyenera kubisidwa. Achinyamata amapeza ntchito yogulitsa, yolondera ndi yosesa. Nyama ndi mkaka zimasungidwa mozizira, mtengo umalembedwa poyera, ndipo sikelo siisintha chifukwa chakuti wogula wavala zigamba. Amene adaponderezedwapo pamsika amadziwa kukoma kwa chilungamo chotere.

Koma akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chinyumba chotere chimamangidwira munthu wa galimoto ndi malipiro a pamwezi, ndipo umboni wake ndi bwalo lalikulu loimikapo magalimoto limene limayamba kuoneka munthu asadaone khomo. Mlimi wa ku Nsaru amagwira ndalama zochuluka kamodzi pachaka. Miyezi yotsalayo amagula mafuta ophikira a m'kathumba ndi shuga wa pasupuni, zinthu zimene sitolo yaikulu siigulitsa.

Vuto lalikulu koposa lili kukhomo la kuseri, kumene katundu amalowera. Sitolo yaikulu imafuna woibweretsera tomato kapena anyezi wofanana kukula, mlungu uliwonse, chaka chonse, wokhala ndi mapepala a msonkho, ndiponso wotha kudikira malipiro kwa masabata. Mlimi wa dimba limodzi sangakwanitse zimenezi payekha pokhapokha atalowa m'gulu. N'chifukwa chake m'mashelefu mumadzaza katundu wochokera kunja, pomwe mtedza wa ku Nsaru umagulidwa ndi mavenda pamtengo wolira. Mtedza womwewo ukakazingidwa ndi kuperedwa, umabwerera m'botolo ngati chiponde chimene mwini munda sangachikwanitse.

Kudalira katundu wakunja kumafunanso ndalama zakunja, zimene dziko lino limazipeza makamaka kuchokera ku fodya. Apa mpamene pali chodabwitsa: thukuta la mlimi ndilo limalipirira maapulo amene iye amangowaona pagalasi. Ndalamazo zikasowa, sitolo yaikulu imadzandira msanga, chifukwa lendi, magetsi ndi mafuta a jenereta sizidikira. Mu Novembala 2023 mphamvu ya kwacha idatsitsidwa ndi 44 peresenti, ndipo mitengo ya katundu woitanitsa idakwera nthawi yomweyo.

Chaka chimodzi izi zisadachitike, mu 2022, Press idali itagulitsa kale PTC, ndipo masitolo amene adatumikira Amalawi kwa zaka pafupifupi makumi asanu adatsekedwa, antchito natsala padzuwa. Mu 2025 nayo Shoprite idalengeza kuti ikugulitsa masitolo ake a m'Malawi ndi kuchoka, itakhala m'dziko muno zaka 25.