Chikumbu cha ku Fiji chomwe chinatchukira ku Hamburg

M'nkhalango za mvula pachilumba cha Viti Levu, ku Fiji, muli chikumbu chimene thupi lake lokha limafika masentimita 15, osawerengera nyanga zake zazitali. Akatswiri amachitcha Xixuthrus heros. Ndi chimodzi mwa zikumbu zikuluzikulu padziko lonse, ndipo chimangoperewera pang'ono kwa Titanus giganteus ya ku South America. Ukachigwira chimalira mokwiya, ndipo mano ake saseweretsa chala.

Mbiri yake yolembedwa inayamba ndi malonda a kokonati. Kampani ya Godeffroy ya ku Hamburg inali ndi zombo zambiri panyanja ya Pacific, ndipo mwini wake ankalakalaka kudzaza nyumba yake yoonetseramo zachilengedwe. Motero analemba ntchito Eduard Graeffe, katswiri wa zinyama wa ku Switzerland, kuti azimutolera zamoyo. M'zaka za m'ma 1860 Graeffe analowa mkati mwenimweni mwa Viti Levu, kumapiri kumene azungu ochepa okha anali atapondako. Buku la ulendo wakewo linatuluka ku Zürich mu 1868, ndipo chaka chomwecho chikumbuchi chinalandira dzina la akatswiri. Kampaniyo inagwa mu 1879, katundu wa m'nyumba ija nkugulitsidwa uku ndi uku.

Pambuyo pake panabuka chisokonezo. Mu 1877 James Thomson anatchula mtundu wina, Xixuthrus terribilis, ndipo mu 1912 Auguste Lameere anawonjezera Xixuthrus ganglbaueri. Poti zikumbu zogwidwa zinali zochepa, zobalalikanso m'madirowa a ku Ulaya, maina ankasinthana eni ake. Zinali choncho mpaka mu 2004 pamene Douglas Yanega ndi anzake anaunikanso nkhaniyi m'magazini ya Zootaxa.

Anthu akumapiri a Fiji sanadikire mabuku. Kuyambira kale amadziwa mphutsi zonona za zikumbu za banja limeneli, zomwe amazitcha yavato, ndipo amazidya.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi mitengo. Mphutsi ya chikumbu chachikulu chotere imatha zaka ikuboola thunthu la mtengo waukulu wakufa, isanasanduke chikumbu chouluka. Nkhalango ikadulidwa n'kubzalamo mahogany, patali pamaonekabe pobiriwira, koma zipika zakale zowola zija zimasowa. Ogula zikumbu zouma kunja amalipira ndalama zambiri pa chimodzi chokha, pomwe mtengo wakufa palibe amauwerengera phindu.