Mapu a Mwana Tiziwayeza ndi Chiyani?

Mwana wa zaka zisanu akauzidwa kuti ajambule njira yochokera kwawo kukafika kusukulu, kawirikawiri msewu amaujambula ngati akuuona ali m'mwamba, koma nyumba, mjigo ndi mtengo wa mango amaziimika chilili monga amazionera ali pansi. Mphunzitsi wothamangira kuchonga amati mwanayo walakwa. Chonsecho chojambulacho chikunena bwino pamene iye wafika, bola woyesayo adziwe chimene akuyesa.

Choyamba choyesa ndi mawu onena pamene chinthu chili: pafupi, patali, pakati, mkati, kuseri, kutsidya. Mu 1948 Jean Piaget ndi Bärbel Inhelder a ku Geneva adalemba kuti mwana amayamba kugwira mfundo zoterezi, za kuyandikana ndi kutsatizana kwa zinthu, asanafike pa kuyeza mtunda. Choncho mwana amene waika chigayo pakati pa tchalitchi ndi mlatho, monga zililidi, wakhoza, ngakhale chigayocho chitakula kuposa phiri.

Chachiwiri ndi mawu a mbali, ndipo ali mitundu iwiri yosayenera kusakanizidwa. Kumanja ndi kumanzere zimatembenuka munthu akatembenuka. Kum'mawa, kumadzulo, kumpoto ndi kumwera sizisuntha. Mwana woloza kum'mawa ali pabwalo angathe kusokonezeka pa mapu opachikidwa pakhoma, n'kuyamba kuganiza kuti kumpoto ndi kumwamba, ndipo kuti mtsinje wa Shire umatsikira kumwera chifukwa pepala lalendewera. Mapuwo akayalidwa pansi molunjika kumpoto kwenikweni, m'pamene zimaoneka ngati wamvetsa.

Chachitatu ndi mayina a maonekedwe a dziko: phiri, chigwa, dambo, khwawa, thanthwe, chilumba. Apa mayeso amakondera mosavuta. Mwana wa ku Likoma safunika kuuzidwa za chilumba, ndipo wa ku Dedza amasiyanitsa phiri ndi chitunda osaganizira n'komwe. Kufunsa onse mawu amodzimodzi, makamaka m'Chingerezi, ndi kuyesa kumene mwana adakulira ndi chilankhulo chake.

Chachinayi, chimene chili mtima wa mapu, ndi chizindikiro: kuvomereza kuti kabokosi ka papepala kakuimira nyumba yeniyeni. Mu 1987 Judy DeLoache wa ku America adabisa kachidole m'kachipinda koyerekezera ana akuona, kenako n'kuwauza kuti akapeze chidole chachikulu pamalo omwewo m'chipinda chenicheni. Ambiri a zaka zitatu adachipeza, koma ambiri a zaka ziwiri ndi theka adalephera. James Blaut ndi David Stea nawonso adaonetsa cha m'ma 1970 kuti ana ongoyamba sukulu amazindikira misewu ndi nyumba pa zithunzi zojambulidwa kuchokera m'ndege. Kiyi (kalozera wa zizindikiro za pa mapu) ndi sikelo (muyeso wa mtunda pa mapu) zimamangidwa pamwamba pa luso limeneli, ndipo sikelo ndiyo imachedwa chifukwa imadalira masamu.

Zonsezi zikutanthauza kuti pensulo payokha ndi mboni yosakwanira, pakuti dzanja la mwana limatsalira m'mbuyo mwa mutu wake. Woyesa wanzeru amamulola kuumba mudzi wake pamchenga ndi miyala, zitsekerero za mabotolo ndi zitsotso, amamufunsa kuti "apa ndi pati?", kenako amabisa kanthu m'kalasi n'kumupatsa mapu okhala ndi kamtanda pamene kanthuko kabisidwa. Akakapeza, mphunzitsi alembe kuti mwanayo amawerenga mapu, kenako amupatse choko kuti nayenso abise kanthu ndi kujambulira mnzake njira.