Salaula

Salaula ndi malonda a zovala, nsapato ndi katundu wina wogwiritsidwapo kale ntchito, amene ku Malawi amati kaunjika. Dzinali ndi la Chibemba, ndipo limatanthauza kusankha pamulu. Malondawa anakula kwambiri m'Zambia boma litamasula zamalonda chitatha chisankho cha 1991.

M'misika ya ku Petauke ndi Nyimba m'Zambia momwemo, mabelo ambiri ochokera ku Ulaya ndi America amafika kudzera ku Lusaka pamsewu wa Great East. Belo likangotsegulidwa, ogula amachita kulimbirana. Wodziwa kufufuza amatha kutulukamo ndi shati yakale ya maluwamaluwa ya ku Hawaii, mtundu umene osonkhanitsa zinthu zakale kunja amaugula modula.

Wofufuza wina, Karen Tranberg Hansen, anatulutsa buku lonena za malondawa mu 2000.