Umo Anthu Anadziwira Mayendedwe a Namondwe

Anzathu a kumigodi ndi a m'matauni, nkhani yathu ya lero ndi ya namondwe, cimphepo cija cimene cimabadwira pa nyanja yamcere, nicisasula nyumba, kuzula mitengo ndi kumiza zombo. Kwa zaka mazanamazana amalinyero anali kumuopa monga cirombo cosadziwika njira zace. Lero tidziwa kuti namondwe ali ndi malamulo amene amatsata, ndipo tifuna kukufotokozerani umo anthu anawapezera malamulowo.

Tiyambe ndi cinthu cimene inu ogwira nchito pansi pa mgodi mucidziwa bwino. Fani yaikuru ikamakoka mpweya pa shaft imodzi, mpweya wabwino umatsika wokha pa shaft ina kudzalowa m'malo mwace. Mpweya uli ndi kulemera, ndipo nthawi zonse umacoka pamene wapanikizana kunka pamene wacepa. Woyamba kupima kulemera kumeneku anali Evangelista Torricelli wa ku Italy, amene m'caka ca 1643 anapanga cipangizo cochedwa barometer. Patapita nthawi amalinyero anazindikira kuti barometer ikatsika msanga, cimphepo ciri pafupi. Koma kumene cidzacokera ndi kothawira sanakudziwe ai.

Khomo linatseguka m'caka ca 1821. M'mwezi wa September namondwe anaomba dziko la Connecticut ku America, ndipo munthu wina dzina lace William Redfield, amene anaphunzira nchito yosoka zishalo za akavalo, anayenda ulendo m'dera loonongekalo. Pafupi ndi kwao anaona mitengo itagwa moloza mbali imodzi. Atafika kutali anapeza mitengo itagwa moloza mbali yotsutsana nayo, cikhalireco inagwa usiku umodzi womwewo. Iye anasinkhasinkha, natsimikiza kuti mphepoyo siinaombe molunjika, koma inali kuzungulira monga kabvumvulu wamkuru. Maganizo amenewa anawasindikiza mu 1831.

Nchitoyi anaipitiriza Henry Piddington, Mngelezi amene kale anali woyendetsa combo, nakhala mu mzinda wa Calcutta ku India. Iye anali kusonkhanitsa mabuku amene oyendetsa zombo amalembamo za ulendo tsiku ndi tsiku. Limodzi la mabukuwo linali la combo cochedwa Charles Heddle, cimene cinakomana ndi namondwe pafupi ndi cisumbu ca Mauritius mu February 1845. Amalinyero ace analola mphepo kuwakankha kumbuyo masiku asanu, poyesa kuti alikuthawa. Piddington atalemba njira yao pa mapu, anaona kuti combo cija cinazungulira pakati pa namondwe kasanu konse, osaturukamo. M'buku lace la amalinyero la 1848 iye anacha cimphepoci dzina lakuti cyclone, pocifanizira ndi njoka yodzipiringa. Mu 1857 Buys Ballot wa ku Holland anapereka lamulo lapafupi limene kuno kumwera kwa Equator limati: mukafulatira mphepo, pamene mpweya wacepa pali ku dzanja lanu lamanja.

Nanga namondwe amabadwa bwanji? Dzuwa likatentha madzi a m'nyanja kufikira madigiri 26 kapena kuposa, nthunzi yambiri imakwera kumwamba. Kumwambako kukuzizira, cotero nthunziyo imasanduka mitambo ndi mvula, ndipo posandukapo imataya kutentha kumene inanyamula. Kutenthaku kumapepusa mpweya, nukwera msanga koposa, ndipo pansi pamatsala mpweya wocepa. Mpweya wa m'mbali umathamangira pomwepo utasenza nthunzi ina, monga umo ucitira pa shaft ija. Koma popeza dziko lapansi limazungulira, mphepo yothamangayo imapotozedwa, nifika pakati mokhota. Masamu a kupotoza kumeneku anawalongosola Gaspard Coriolis wa ku France mu 1835. Kuno kumwera namondwe amazungulira monga mivi ya koloko, kumpoto amazungulira mobwerera. Ndipo pafupi peni-peni ndi Equator sabadwa kawirikawiri, pakuti mphamvu yopotozayo ndi yocepa kumeneko.

Pa nyanja yathu ya India, amene anagwira nchito yaikuru ndiye Charles Meldrum wa ku Scotland, amene anakhala zaka zambiri ku Mauritius. Zombo zikakoceza pa Port Louis, za m'mabuku ao zinali kulembedwa, ndipo mwa izo Meldrum anaonetsa kuti mphepo siizungulira cabe, koma imalowera m'kati pang'onopang'ono. Ngakhale cidziwitso cinakula cotero, pa 29 April 1892 namondwe anafika pa cisumbuco nyengo yace iri kutha, anthu asakumuyembekeza. Masana mphepo inaleka, kunja kunacita bata, pakuti pakati peni-peni pa namondwe, pamene akatswiri amapacha diso, panali kupita pamwamba pa mzinda. Posacedwa mphepo inabweranso kucokera mbali ina ndi ukali woposa woyamba. Anthu oposa 1,000 anafa, ndipo gawo lalikuru la Port Louis linasanduka bwinja. Phunziro lace likali cikhalire: bata la pakati pa namondwe siliri mapeto ace.

Bvuto lotsala linali la kumuona namondwe akali kutali, kumene kulibe combo cakutumiza mau. Ili linayamba kutha pa 1 April 1960, pamene a ku America anaponya kumwamba satelaiti yochedwa TIROS-1 yojambula mitambo. Lero akatswiri amamuona namondwe kuyambira tsiku lobadwa, namupatsa dzina, nalengeza njira yace masiku angapo asanafike.

Kapena wina adzati: ife a ku Zambia tiri kutali ndi nyanja, izi zitikhudza bwanji? Nzoona kuti namondwe akakwera pa mtunda amafooka, pakuti wasiyana ndi madzi ofunda amene ali cakudya cace. Komatu mphepo ikacepa mvula imatsala, ndipo mvulayo ndiyo imapha anthu ambiri m'kati mwa dziko. Mu March 2019 namondwe Idai anaomba Beira, doko lija limene njanji inali kutulako mkuwa wa ku migodi yathu, ndipo anthu oposa 1,000 anafa m'maiko a Mozambique, Zimbabwe ndi Malawi. Mu 2023 namondwe Freddy anabadwira pafupi ndi Australia, naoloka nyanja yonse ya India, napyola Madagascar, naomba Mozambique, nabwerera kunyanja kukatenga mphamvu, naombanso kaciwiri pafupi ndi Quelimane pa 11 March. Anakhala moyo masiku 36, kuposa namondwe wina aliyense wolembedwa m'mabuku. Mvula yace inagumula mapiri a kumwera kwa Malawi, ndipo ku Chilobwe mu Blantyre matope ndi miyala zocokera m'phiri la Soche zinakwirira nyumba pamodzi ndi eni ace. Ambiri a ife tiri ndi abale m'maiko amenewa, ndipo maliro ao anafika m'makomboni mwathu.

Nyengo ya anamondwe pa nyanja ya India kuno kumwera kwa Equator ndi kuyambira November kufikira April, ndiyo nyengo yathu ya dzinja. Nzeru imene Redfield anaitola pa mitengo yakugwa, ndi Piddington ndi Meldrum m'mabuku a zombo, lero imafika m'nyumba mwanu pa wailesi ndi pa foni. Koma cenjezo lipulumutsa yekhayo amene alimvera. Mukamva kuti namondwe alinkudza, tumizani mau kwa abale a kumudzi kuti acoke m'madambo, m'mphepete mwa mitsinje ndi m'tsinde mwa mapiri, asayese kuoloka madzi osefukira, ndipo asabwerere kunyumba kufikira a zanyengo atanena kuti coopsa capita. Akuluakulu anati wakutsina khutu ndiye mnansi.